MADZI OYERA M'MASO

Abale, madzi amene timwa apangidwa ndi mipweya iwiri: tinthu tiwiri ta haidrojeni tigwirana ndi kamodzi ka okosijeni, ndipo ophunzira alemba H2O. Khalidwe lace lalikulu ndi ili, kuti asungunula ndi kunyamula zimene akomana nazo. Mvula ikalowa m'nthaka itenga mcere ndi laimu. Ikayenda pamwamba ikokolola zonyansa za kuthengo, nizithira m'mitsinje ndi m'zitsime zosavundikira.

Cifukwa cace musanyengedwe ndi maso. Madzi akhoza kuyera mbee, koma muli tizilombo tosaoneka ta kolera, kamwazi ndi taifodi. Umboni wace unaoneka ku London m'caka ca 1854, pamene kolera inapha anthu oposa 600 m'dera la Soho. Dokotala John Snow anawerenga nyumba za akufawo, napeza kuti ambiri anamwa madzi a pa mjigo umodzi wa mu Broad Street. Pambuyo pace kunadziwika kuti dzenje la zonyansa linali pafupi ndi citsimeco.

Tsono citani izi:

1. Kumbani cimbudzi kumunsi kwa citsime, patali mamita 30 kapena kuposa.
2. Madzi amatope muyambe mwawasefa pansalu yocapa. Komatu nsalu siigwira tizilombo tonse.
3. Aphitseni mpaka abwadamuke mphindi yathunthu. Mukathira klorini, dikirani mphindi 30 musanamwe.
4. Sungani mumtsuko wovundikira, ndipo dzanja lisakhudze madziwo potunga.

Nkhuni zivutadi kutola, koma mtolo wace upepuka koposa maliro a mwana.