Phunziro: Chifukwa Chake Michael Myers Safa

Aliyense amene adayendapo pa Machipisa dzuwa litapendeka, kuchokera pa hotela ya Mushandirapamwe kulowera ku bwalo la Gwanzura, angakumbukire anyamata aja oyala zimbale za kanema m'mbali mwa msewu. Ndipo pakati pa zimbale za nkhonya ndi za chikondi, kawirikawiri pankaoneka chithunzi cha munthu wa nkhope yotuwa, wamaso akuda ngati mauna, atagwira mpeni wa kukhitchini. Ameneyo ndiye Michael Myers, wa m'kanema wotchedwa Halloween, amene ana athu lero amamuonera pa lamya za m'manja. Chotero n'koyenera kuti ife akulu tidziwe m'mene mantha amenewa amapangidwira.

Kanema woyamba adatuluka ku America m'chaka cha 1978, womuongolera anali John Carpenter, ndipo wosonkhanitsa ndalama anali Moustapha Akkad, mbadwa ya ku Syria. Nkhani yake njaifupi: mwana wa zaka 6 apha mlongo wake m'tauni ya Haddonfield m'chaka cha 1963, natsekeredwa m'chipatala cha odwala misala, patapita zaka 15 athawa, nabwerera kwawo kukasaka atsikana olera ana, mpaka mmodzi wa iwo, Laurie Strode, amene mbali yake adasewera Jamie Lee Curtis, apulumuka. Popeza ndalama zinali zochepa, pafupifupi madola 300,000, opanga kanemayu adagula m'sitolo chigoba cha nkhope ya wosewera wina, William Shatner, nachipaka utoto woyera, nakulitsa mabowo a maso. Ndiponso, pakuti ankajambula ku California pa nyengo imene mitengo inali yobiriwira, adapaka utoto masamba ena kuti aoneke ouma, namawatola m'matumba akamaliza kujambula kuti akawamwazenso kwina.

Tsono mantha amachokera kuti? Ambiri amayesa kuti ndi mwazi, komatu m'kanema woyambayo mwazi ndi wochepa ndithu. Chachikulu ndi nkhope ija, pakuti sisekerera, sikwiya, silankhula, ndipo woonera sangathe kuwerenga pamenepo chimene chili mumtima. Ife a mtundu wa Achewa, amene taona Mashona anzathu akubalalika gule akatulukira m'makwalala, sitisowa wotiphunzitsa kuti nkhope yosasuntha imanjenjemeretsa. Kenaka pali pamene aika makina ojambulira. Pachiyambi penipeni makinawo ayenda ngati maso a wakuphayo, kukwera makwerero a nyumba, kotero kuti woonera amatengedwa kupita kumene iye safuna. Pena asonyeza mtsikana akucheza pa lamya wopanda nkhawa, pamene kumbuyo kwake, mumdima wa pakhomo, chinthu choyera chikuyamba kuoneka pang'onopang'ono. Inu mukudziwa, iye sakudziwa, ndipo simungathe kumuchenjeza: apo mpamene mtima umathamanga. Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma, koma muno chimayimba ndithu, pakuti Carpenter adapeka yekha kanyimbo ka piyano kobwerezabwereza, kamene kakangomveka, thupi limachita tsemwe wakuphayo asanafike n'komwe. Ndipo Michael sathamanga. Amangoyenda, monga wodziwa kuti adzafika basi.

Pamapeto pake dokotala wake, Loomis, amuwombera ndi mfuti, ndipo Michael agwa kuchokera pakhonde lam'mwamba, koma pomusuzumira apeza palibe. Chifukwa chimene adapitirira kuuka sichili m'matsenga ayi, koma m'thumba la eni ake: kanema wotsika mtengoyo adabweza madola oposa 40 miliyoni ku America kokha, ndipo amalonda ataona zimenezo adatulutsa wachiwiri mu 1981. Mu 1982 adayesa wachitatu wopanda Michael, koma oonera adanyinyirika, ndipo mu 1988 adamubweza. Kuyambira pamenepo amuwotchapo, amudulapo mutu mu 1998, koma olemba nkhani nthawi zonse amapeza chonena chomudzutsira, pena kungofafaniza zakale ngati sizidachitike, monga adachitira mu 2018 pamene Jamie Lee Curtis adabweranso ali gogo. Pofika 2022 makanemawa adakwana 13. Ena adatsata mapazi ake, monga Friday the 13th wa mu 1980 ndi A Nightmare on Elm Street wa mu 1984. Ndipo m'kuona kwanga ambiri a iwo, pamodzi ndi ana ake a Halloween yemwe, adachulutsa mwazi nachepetsa luso.

Makanema amenewa adapangidwira akulu, osati tiana. Koma inu owerenga, mukadzapeza woyamba uja, mudzayese ichi: pamene mtsikana akuwoloka msewu usiku kupita ku nyumba imene mnzake amalererako mwana, tsitsani mawu onse, ndipo muone mantha amene atsale.