Labu ikati "khansa sinapezeke", musatseke fayilo

Anzanga a m'chipinda cha endoscopy, ndi inu a kuwodi amene mumatitumizira odwala, pali pepala limodzi limene limatipusitsa kawirikawiri: lija lochokera ku labu, lonena kuti pa zimene tinapala m'njira ya ndulu sipanaoneke khansa.

Odwala ake mumawadziwa. Maso achikasu, mkodzo woderako, chimbudzi chotuwa, thupi kuyabwa, kuwonda, koma ululu osaumva kwenikweni. Pa ERCP dokotala amalowetsa paipi ya kamera pakamwa mpaka m'matumbo, pamene ndulu imathirira, n'kupopera mankhwala ooneka pa X-ray. Akapeza pamene njira yapanikizika, amapalapo ndi kaburashi. Tsono chotupa cha m'njira imeneyi chimakonda kumera m'khoma, cholimba ngati chipsera, ndipo kaburashi kamangopalasa pamwamba. Mwa odwala amene khansayo ali nayodi, kamaigwira mwa pafupifupi theka basi. Pepala likati ilipo, likhulupirireni. Likati sinapezeke, ntchito ikadalipo: kubwereza, kutapa kanyama ndi kopanira, kupima ndi EUS, kapena, kumene makina ngati SpyGlass alipo, kulowetsa kamera yaing'ono m'njiramo kuti dokotala atape pamene akuona ndi maso.

Musathamangirenso mbali inayo. Si kupanikizika kulikonse kumene kuli khansa. Miyala, TB, HIV yofika patali ndi matenda a IgG4 zimatsekanso njirayi, ndipo CA 19-9 imakwera ngakhale ndulu itangotsekeka chabe.

Chimene chimandiwawa ine ndi kusokoneza ndondomeko. Ngati wodwala alibe malungo ndi kunjenjemera kosonyeza kuti ndulu yotsekekayo yagwidwa ndi tizilombo, yambani mwajambula CT kapena MRCP stent yotsegula njirayo isanaikidwe. Ikalowa, khoma limatupa, chithunzi chimasokonekera, ndipo dokotala wa opaleshoni amavutika kuona pamene chotupa chalekezera.

Zina n'zodziwika kale. Wodwala asadye maola osachepera 6 ERCP isanachitike. Pimani INR, chifukwa ndulu ikatsekeka vitamini K salowa bwino m'thupi ndipo magazi amachedwa kuundana. Funsani ngati dokotala walemba diclofenac wa 100 mg woika kumbuyo, amene amachepetsa kutupa kwa pancreas pambuyo pa ERCP. Otsuka zida, kachitsulo konyamulira ka kunsonga kwa paipi kamabisa zonyansa. Mu 2015 ku Los Angeles odwala anapatsirana tizilombo tosamva mankhwala kudzera m'mapaipi oterewa.

Achibale akafunsa, mawu akuti "zonse zili bwino" asatuluke pakamwa panu, chifukwa akawamva sabweranso. Nenani kuti: "Mayi, zimene tapima sizinaonetse khansa, koma chimene chatseka njira ya ndulu ya bambowa sitinachidziwe. Tifunika kuwapimanso." Tsiku lodzawapimanso mulilembe m'buku lawo la kuchipatala, mutengenso nambala ya foni ya wowadikirira.