Phunziro la Mizere Yonyenga Maso

Inu a ku Chifunda, amene minda yanu yayandikana ndi mtsinje wa Luangwa, mbidzi simuchita kuimva kwa ena, ndipo mudziwa kuti zikaima zambiri pamodzi, kenaka n'kudzidzimuka zonse nthawi imodzi, munthu satha kuloza pamene pathera thupi la iyi ndi pamene payambira la inzake, pakuti mizere yakuda ndi yoyera imalowerana kufikira diso litasokonezeka. Lero tifuna kumvetsa chifukwa chake mizere imatha kutinyenga chotere, ndi momwe amisiri a zojambula amagwiritsira ntchito chinyengo chimenechi mwadala.

Salazani mchenga pabwalo, mudule timitengo tiwiri totalika mofanana, mutigoneke motalikirana pang'ono. Kunsonga zonse za koyamba lembani mphanda zokanukira kunja, monga mphanda ya nsichi ya nkhokwe. Kunsonga za kachiwiri lembani mitu ya mivi. Tsono bwererani m'mbuyo, mupenye modekha, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Taonani, ka mphanda kaoneka kakatali kuposa kanzake, chikhalirecho munatidula nokha ndi manja anu! Amene anayamba kufalitsa chithunzi chimenechi, m'chaka cha 1889, ndi Franz Müller-Lyer wa ku Germany. Diso siliyeza chinthu pachokha, koma limachitenga pamodzi ndi zonse zochizinga, ndipo ubongo, umene sudikira kuti titenge chingwe choyezera, umagamula mlandu msanga.

Victor Vasarely, wobadwira ku Hungary nakakhala ku France, anajambula mbidzi ziwiri zokolana m'chaka cha 1937, osalemba konse mzere wosonyeza malire a matupi ao. Anangopinda mizere, kuikulitsa apa ndi kuichepetsa apo, ndipo wopenya amaona msana ndi khosi pamene pali pepala losalala. Mayi Bridget Riley wa ku London anapitirira pamenepo, nasiya nyama ndi anthu, nalemba mizere yokhayokha yokhotakhota imene imaoneka ngati ikuyenda, ndipo ntchito zake zinatchuka pa chionetsero cha ku New York m'chaka cha 1965. Kuyendako kuli m'diso lathu, limene silikhala chete ngakhale titalipenyetsa pamalo amodzi, koma limagwedezeka pang'ono kosalekeza, kotero kuti chakuda ndi choyera zikathithikana kwambiri, chithunzi chotsalira m'diso chimagwera pa chatsopano.

Tisayese kuti nzeru imeneyi ndi ya kutsidya kwa nyanja kokha. Pamiyala ya ku Mwela, pafupi ndi Kasama, makolo akale analemba madontho, mizere ndi zozungulira zofiira. Ndipo woluka lichero, akadutsitsa nsungwi yoyera pamwamba ndi pansi pa yoderapo mpaka patatuluka makwerero opingasa, achita ntchito yomweyo, nayenera ulemu womwewo.

Mizere yotere imakoma ndithu ikasindikizidwa. Mmisiri amatenga thabwa losalala, nagoba malo amene afuna kuti atsale oyera, napaka inki pa malo osagobedwa, nakanikizapo pepala. Ndipo chimene chinali kumanja pathabwa chimatulukira kumanzere papepala, chifukwa chake wofuna kusindikiza dzina lake ayenera kuligoba chobwerera. Henry Tayali, mwana wa dziko lino amene anamwalira m'chaka cha 1987, anali katswiri wa luso limeneli, ndipo nyumba yoonetsera zojambula ku Lusaka imatchedwa ndi dzina lake.

Pa phunziro likudzali, aliyense abwere ndi chinangwa chodula pakati, kampeni, ndi mwaye wosakaniza ndi madzi pang'ono, kuti tigobe mizere yathu, tiisindikize mobwereza pa pepala limodzi.