Phunziro 14: Kachewere pa nthawi ya ng'amba

Tengani jumbo yoonekera mkati. M'mawa muveke nthambi imodzi ya kachewere, mumange kukamwa ndi luzi. Mukabwereko masana. Mupeza timadontho ta madzi titadzaza m'jumbomo. Mvula sinagwe, ndipo simunathirire. Nanga madziwo achokera kuti?

Achokera m'masamba. Tsamba lililonse lili ndi tizibowo tating'onoting'ono, tambiri tili kunsi kwake, tosaoneka ndi maso. Mizu imakoka madzi m'nthaka, madziwo amakwera mu tsinde, kenako amatuluka pa tizibowoti ngati nthunzi. Pa tizibowo tomweti ndi pomwe pamalowa mpweya umene mbewu imapangira chakudya chake.

Kachewere amavutika msanga ndi ludzu chifukwa mizu yake siipita pansi kwambiri. Dothi la pamwamba likauma, iye wagwira njakata. Kwawo kwenikweni ndi ku mapiri ozizira a Andes ku South America, n'chifukwa chake kuno amakonda malo okwera monga Dedza, Ntcheu ndi Neno. Pa nyengo imodzi amafuna madzi a mvula okwana mamilimita 500 mpaka 700. Nthawi yoopsa ndi pamene wayamba maluwa, poti pansi amakhala akuika ana. Ng'amba ikagwa pamenepo, mumakumba timbatata tonga mazira a njiwa, tosagulika pa msika wa Lizulu.

Pali mankhwala othandiza kachewere kupirira ng'amba. Tsono amathandiza bwanji?

Oyamba ambiri tili nawo kale, kungoti sitiwatchula mankhwala. Ndi potaziyamu. Mchere wa m'nthaka umenewu ndi umene umatsegula ndi kutseka tizibowo tija. Mbewu yokhuta potaziyamu imatseka msanga dzuwa likaswa mtengo, n'kutsegulanso kukazizira. Yoperewera imachedwa, madzi n'kumangotayika. Pa thumba la feteleza pamakhala manambala atatu, ndipo yachitatu ndiyo ya potaziyamu. Feteleza wa 23:21:0 amene tinamuzolowera m'chimanga, nambala yake yachitatu ndi 0. Mulibe ngakhale pang'ono. Alimi ambiri amathira wotsala ku chimanga m'munda wa kachewere, kenako n'kumadabwa. Phulusa la nkhuni nalonso lili ndi potaziyamu.

Palinso dothi loyera lotchedwa kaolin. Amalisungunula m'madzi n'kupopera pa masamba. Likauma, masamba amatuwa ngati apakidwa laimu. Kuyerako kumabweza kuwala kwa dzuwa, tsamba silitentha kwambiri, choncho silitaya madzi ambiri. Mvula yamphamvu imalitsuka.

Mankhwala ena amagwira ntchito mkati mwa mbewu. Glycine betaine amathandiza timagawo ta tsamba kugwira madzi. Mwaonapo mmene mchere umanyowera m'mbale nthawi ya dzinja, popanda wouthira madzi? Umakoka chinyontho. Mankhwalawa amachita zofananako. Mbewu zina zimawapanga zokha, koma kachewere sapanga okwanira, ndiye amachita kumupopera.

Salicylic acid ndi m'bale wake wa asipirini. Iye sasunga madzi. Ntchito yake ndi ya mthenga: amachenjeza mbewu kuti kukubwera mavuto, mbewu n'kuyamba kudziteteza dzuwa lisanaiwononge. Amafunika ochepa zedi. Mukachulutsa, masamba amapsa. Musasinje mapiritsi a kuchipatala n'kuthira mu mpopera mongoganizira, chifukwa muyeso wake si wa maso.

Mthenga wofika mudzi utapsa kale alibe ntchito. Mankhwala onsewa amapoperedwa mbewu isanafote, m'mawa kapena madzulo, osati dzuwa lili paliwombo.

Koma pali vuto limene wogulitsa sangakuuzeni. Tizibowo tikatseka, madzi amasungika inde, komanso mpweya sulowa. Mbewu imasiya kupanga chakudya, ndipo mbatata pansi imaima kukula. Ndiye kuti mankhwala angaolotse kachewere pa ng'amba ya masiku owerengeka. Chilala chonga cha 2024, pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, sangachithe. Mu botolo mulibe mvula.

Ine ndikadakhala ndi ndalama zochepa, ndikadayamba ndi zosagula: manyowa, kukwezera mizere, ndi kuphimbira ndi udzu kuti chinyontho chisathawe. Kenako feteleza wokhala ndi potaziyamu. Zopopera zibwere pambuyo, mutafunsa alangizi. Ku Bembeke, m'boma la Dedza, kuli malo a kafukufuku kumene amayesa mitundu ya kachewere, ndipo alangizi angakuuzeni mtundu woyenera dera lanu. Mukagula botolo, werengani muyeso wolembedwa pamenepo, ndipo muyese pa mizere iwiri yokha. Mizere ina muisiye, kuti pokumba mudzafanizire.

Ntchito ya kunyumba: pezani thumba la feteleza, ngakhale lotha. Koperani manambala atatu aja m'kope mwanu, ndipo muzungulize yachitatu. Mubwere nalo kope pa phunziro lotsatira.