PHUNZIRO 7: KODI MPAMBA WA MAYI NDI WA YANI?

Tikayenda m'misika yathu, kaya ku Limbe, pa Lizulu kapena pa Jenda, tiona kuti ambiri ogulitsa tomato, usipa, mandasi ndi kaunjika ndi amayi. Amalawirira m'bandakucha kukapikula katundu, nabwerera kunyumba dzuwa litalowa. Komabe geni zambiri za amayi sizikula. Anthu amathamangira kunena kuti amayiwo sadziwa kuwerengera ndalama. Ife tiyambe tafunsa: kodi ndalama ya geni ikafika pakhomo imalowera kuti?

Tiyerekeze mayi wophika mandasi amene ali ndi mpamba wa K50,000. Phindu la tsikulo amagulira ndiwo, mchere ndi sopo, ina nkulipira kuchigayo. Mwana akadwala, mayiyo amatapa pa mpamba. Kuchimuna kukagwa maliro, amatapanso. Abale amatenga mandasi pangongole, ndipo akati akawakumbutse amamunena kuti wayamba kudzikuza. Choopsa koposa ndi bambo amene amaleka kusiya ndalama ya ndiwo poti mkazi wayamba kupeza yake, kapena amene amavundukula chitini cha ndalama nati za mkazi wake ndi zake zomwe.

Apa tiyenera kudziwa chimene lamulo likunena. Ndime 24 ya Malamulo Oyendetsera Dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, ikupatsa mayi ufulu wochita mgwirizano ndi ena pa za malonda, ndiponso wokhala ndi katundu wakewake, kaya ali pabanja kaya ali yekha. Sitikunena kuti mayi azibisira mwamuna wake ndalama, ayi. Tikunena kuti kukambirana ndi kwina, kulanda ndi kwina. Nalonso lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linaika kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana kukhala mlandu. Wolanda makina osokera kapena okala ya mlamu wake wamasiye akhoza kuzengedwa mlandu kukhoti.

Mpamba ukatha mayi amafuna ngongole. Kubanki amafunsa chikole, pamene nyumba ndi malo nthawi zambiri zimakhala m'dzina la bambo. Kotsala ndi kwa a katapila, kumene munthu akakongola K20,000 angathe kubweza K30,000 pakutha pa mwezi. Mandasi angabale phindu lotere? Banki m'khonde yathandiza amayi ambiri, koma nako kuli msampha. Mayi amakongola m'dzina lake, bambo natenga ndalamayo kukagula feteleza, mwinanso kukamwera. Tsiku lobweza likakwana, gulu limadzanyamula mbuzi ndi ziwiya za mayi. Manyazi onse amagwera iye, pamene wodya ndalama ali phee.

Zina zimachokera kutali ndi khomo lathu. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira inakwera. Mayi amene sanakweze mtengo wa mandasi poopa kuthawitsa makasitomala anadya mpamba wake osadziwa.

TIKAMBIRANE

Kodi m'magulu athu a banki m'khonde timatani tikadziwa kuti ngongole ya mayi inadyedwa ndi mwamuna wake? Ankhoswe ndi anyakwawa kwathu kuno amaweruza bwanji mayi akadandaula kuti bambo watenga mpamba? Nanga abambo amene tili pano, tinganene kuti mpamba wa akazi athu ndi ndalama zingati, ndipo tatapapo kangati chaka chino?