Phunziro la ulimi: Cikasu sicili mtundu umodzi

Poyendera mipingo tamva ena akufunsa za cikasu, muzu uja wofanana ndi jinja umene m'masitolo amaucha turmeric. Akuti anamva kuti uli ndi ndalama, ndipo afuna kuubzala kuti abweze zimene cilala cinawalanda. Muzu umenewu si mlendo kwathu, pakuti ndiwo unapatsa dzina mtundu uja timati wacikasu. Koma musanapite kukagula mbeu, tiyeni tiphunzire pang'ono.

Cikasu kawirikawiri sicibereka njere. Timabzala zidutswa za muzu, monga momwe timabzalira phesi la cinangwa. Tsono cimene cidzamera cidzatengera make m'zonse. Manyowa ndi madzi zimathandiza, koma sizingasandutse mtundu wosauka utoto kukhala wolemera utoto.

Dziko la India ndilo limalima cikasu cambiri kuposa maiko onse, ndipo mitundu yake kumeneko ndi yoculuka. Bungwe lofufuza la Indian Institute of Spices Research ku Kozhikode limasunga mitundu yoposa 1,000 yotoledwa m'madera osiyanasiyana. Cimene amalonda akuluakulu amayang'ana ndi curcumin, ndico cinthu cimene cimapatsa muzu utoto wake. Mtundu umene amalonda amaucha Madras ndi wotuwirako, ndipo curcumin wake ndi magawo 2 kapena 3 pa 100. Wa Alleppey, wa ku Kerala, ndi wofiirira mkati, wa magawo ngati 5. Wa Lakadong, wa kumapiri a Jaintia ku Meghalaya, umafika magawo 7 ndi kupitirira. Kunja mizu yonseyi imaoneka yofanana, mpaka mutaithyola.

Pano pali msampha. Mtundu wolemera pa sikelo tsiku lokumba sindiwo nthawi zonse wokhala ndi utoto wambiri. Ndiponso cikasu cimagulitsidwa cowiritsa ndi kuumitsa, ndipo makilogalamu 5 a muzu wauwisi amatsala pafupifupi kilogalamu 1. Mitundu ina, ya madzi ambiri, imatsala yocepa kuposa pamenepo. Ngakhale mtundu wochuka ukaubzala pa nthaka ina ndi nyengo ina, utoto wake umatha kutsika. Conco dzina lokha lisatikope.

Kwa ife nkhani yaikulu ndi madzi. Mitundu yambiri imakhala m'nthaka miyezi 7 mpaka 9, ndipo imafuna mvula yokwana mamilimita 1,500 kapena kuthirira. Kuno kum'mawa mvula yathu ndi ya miyezi ngati 5, ndipo pa caka cabwino imafika mamilimita 1,000 cabe. Bungwe lija linatulutsa mtundu wa Pragati wokhwima pa miyezi 6, komabe ngakhale umenewo ungafune kuthirira mvula ikaleka. Malo a cikasu ndi kudimba, pa mizere yokwezeka, cifukwa madzi akaima muzu umaola. Amene anaona madimba akuuma mu 1992 ndi mu 2024 adziwa kuti si dimba lililonse lingasunge mbeu miyezi yonseyo. Ife sitilangiza munthu kucotsa cimanga, mapira kapena cinangwa cifukwa ca cikasu. Ana sadya utoto.

Ngati dimba lanu lili ndi madzi odalirika, yambani pang'ono. Lima imodzi imafuna mbeu yokwana makilogalamu 500, ndalama zambiri zoti munthu ataye pa mtundu umene sanauyese. Pezani mizu yauwisi ya maso kwa alimi awiri kapena atatu osiyana. Youma ya m'sitolo inawiritsidwa kale, siingamere. Bzalani mtundu uliwonse pa mzere wake, muikepo cikhomo. Masamba akauma, kumbani, yesani pa sikelo, wiritsani, yanikani, ndi kuyesanso. Thyolani muone mkati. Lembani zonse m'kabuku, ndipo pa msonkhano wa gulu lanu la ulimi mufanizire ndi za anzanu.

Posunga mbeu musasunge mtundu umodzi wokha, ungakhale wapambana. Popeza zomera za mtundu umodzi zimafanana monga mapasa, matenda a kuola kwa mizu akaugonjetsa, dimba lonse lapita. Sungani iwiri, muifotsere padera pamthunzi ndi mcenga kapena utuci, kufikira nthawi yobzala.