Zipolopolo za Mpikisano za .22: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Twapia

Ife amene timachita masewera owombera chandamale talemba kabukuka chifukwa makolo a ku Twapia ndi madera ena a Ndola akhala akutifunsa za zipolopolo zodula za mpikisano. Ena amaganiza kuti kudula kwake ndiye kuti n'zamphamvu koposa, pamene ena amati kachipolopolo kakang'ono chotero sikangaphe munthu. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika.

1. Kodi chipolopolo cha .22 n'chotani?

N'chaching'ono, cha mtovu, cha mamilimita 5.6 m'mimba mwake, cholemera pafupifupi magalamu 2.6. Mankhwala oyatsira onga amakhala m'mphepete mwa chikho chake kunsi. Cha mtundu wa .22 Long Rifle chinayamba mu 1887 ku America.

2. Kodi cha mpikisano chimasiyana bwanji ndi wamba?

Chimasiyana pa kufanana. Onga, kulemera ndi mafuta opaka pamtovu amayezedwa mosamala kuti chilichonse chituluke ngati chinzake. Pa mpikisano wa mamita 50, kabwalo ka mapointi 10 n'kamamilimita 10.4 okha, choncho kusiyana pang'ono kumaluzitsa. Odziwika popanga ndi Eley ya ku England, Lapua ndi RWS.

3. Ndiye n'zamphamvu kuposa wamba?

Ayi. Zambiri zimathamanga mamita 320 mpaka 330 pa sekondi, kuchepera pang'ono liwiro la phokoso, lomwe ndi pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Amazipanga dala choncho, chifukwa chipolopolo chikayamba ndi liwiro loposa la phokoso kenako liwirolo n'kutsika chili m'njira, chingathe kugwedezeka n'kuphonya. Zambiri zosakira nyama zimathamanga kuposa pamenepa. Ndalama zimene munthu amalipira n'zogulira kulunjika, osati mphamvu.

4. Ngati n'zofooka, ndiye kuti sizoopsa?

N'zoopsa ndithu, ndipo zimapha. Kuchepa kwa phokoso kusakunamizeni. Chipolopolo cha .22 chikawomberedwa mopendekera m'mwamba chingathe kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo opanga amalemba chenjezo lotere pamabokosi. Chikamenya mwala, chitsulo, nthaka youma ya m'chilimwe kapena pamwamba pa madzi, chingathe kunjanja n'kulowera kwina kumene wowomberayo sanaganize.

5. Kodi ndingayeserere kuseri kwa nyumba?

Ayi, ngakhale kamodzi. Ku Twapia nyumba n'zoyandikana, ana amasewera m'tinjira, ndipo mpanda wa malata kapena wa matabwa suimitsa chipolopolo. Kuyeserera kumachitika pabwalo lovomerezeka lokha, lokhala ndi mulu waukulu wa dothi kuseri kwa chandamale ndi woyang'anira amene amalamula nthawi yoyamba ndi yoleka.

6. Nanga lamulo likuti bwanji?

Lamulo la Firearms Act, chaputala 110 cha malamulo a Zambia, limaletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi. Funsani ku polisi musanagule chilichonse.

7. Zimagulidwa ndalama zingati?

Sitingalonjeze mtengo. Zimachokera kunja, kotero mtengo umatsata kwacha, msonkho ndi zonyamulira, ndipo nthawi zina sizipezeka n'komwe. Kawirikawiri zimadula kangapo kuposa wamba. Wophunzira kumene angayambe ndi zapakatikati.

8. Ndagula zodula koma ndikuphonyabe. Kodi andibera?

Mwina ayi. Mfuti iliyonse ili ndi zipolopolo zimene imagwirizana nazo, ngakhale za kampani imodzi zimasiyana malinga ndi gulu limene zinapangidwira. N'chifukwa chake akatswiri amayesa magulu angapo, n'kugula lochuluka limene lagwirizana ndi mpope wa mfuti yawo. Mphepo, kapumidwe ndi kakokedwe ka chala zimaphonyetsanso. Ndola ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, mpweya wake ndi wopepuka, choncho cholozera chimafuna kuchikonzera kuno komwe.

9. Mwana wanga akufuna kuphunzira. Kodi sadzavulala?

Sitinganene kuti ngozi kulibiretu. Ngozi imachepa kwambiri ngati mfuti ikuyang'ana kuchandamale nthawi zonse, chala chili kutali ndi chokokera, ndipo mwanayo wavala zoteteza maso ndi makutu. Chipolopolo chikakana kulira, asatsegule mfutiyo msanga; adikire masekondi osachepera 30 ndi kuitana woyang'anira. Akamaliza asambe m'manja asanadye, chifukwa mtovu ndi poizoni.

10. Koma zoona kachipolopolo aka kangafike panyumba panga?

Funso limeneli limabwerabwera, ndipo yankho ndi lomwelo la nambala 4: kangafike ngati wina wawombera pamalo osayenera. Mukamva kulira kwa mfuti pakati pa nyumba, kapena mwana akatola chipolopolo, musachimenye kapena kuchiponya pamoto. Kanenani ku polisi tsiku lomwelo.